Mpunga wogona: chifukwa chiyani kutenthetsa kokha sikukwanira?

Nkhani ya ulendo uno ndi ya mpunga wophika umene wagona mu mphika.

Kwathu kuno ku Angónia mpunga si chakudya cha tsiku ndi tsiku. Minda yathu ndi ya chimanga, nyemba ndi kachewere. Mpunga timachita kugula, wina wochokera ku Zambézia, wina wa kutsidya kwa nyanja, wina Kilombero wa ku Karonga uja amene fungo lake limafika mpaka khomo lachitatu. Timauphika pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano, pa ukwati, pa ubatizo, kapena kukabwera mlendo wolemekezeka. N'chifukwa chake ukatsala palibe amene amaganiza zotaya. Amayi amavindikira mphika, kuuika pakona, ndipo m'mawa amatenthetsa kuti ana adye ndi tiyi asanapite kusukulu.

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti chakudya chikabwerera pamoto kachiwiri, chilichonse choipa chimene chinalimo chimafa. Pa zakudya zambiri mawu amenewa ndi oona ndithu. Koma pa mpunga ndi oona theka lokha, ndipo theka linalo ndi limene limagoneka ana pamphasa.

Kachilombo kobwera ndi mpunga kuchokera kumunda

M'dothi, m'fumbi ndi m'madzi a m'minda mumakhala kachilombo kosaoneka ndi maso, ka mtundu wa mabakiteriya, kotchedwa Bacillus cereus. Si kachilendo ayi. Akatswiri awiri a ku England, Grace ndi Percy Frankland, anakapeza koyamba m'chaka cha 1887 mu mpweya wa m'khola la ng'ombe. Kamapezeka ponseponse pamene pali dothi, choncho mpunga umakatenga uli kumunda, popuntha, poyanika ndi posunga m'matumba. Mpunga wa m'paketi yokongola ya m'sitolo ndi mpunga woyeza ndi kambale pamsika, wonse ungakhale nako. Sikuti wogulitsa ndi wauve, kapena kuti amayi sanatsuke bwino. Kutsuka kumachotsa fumbi ndi timiyala, ndipo pitirizani kutsuka, koma sikuchotsa tizilombo tonse.

Chimene chimasiyanitsa kachilombo aka ndi tina tambiri ndi ichi: zinthu zikakaipira, monga kukauma kapena chakudya chikasowa, kamadzitsekera m'kachikopa kolimba n'kusanduka ngati kambewu kogona. Timbewu timeneti sitidya, sitiswana, timangodikira. Tikhoza kukhala m'thumba la mpunga wouma kwa zaka osafa.

Inu alimi mukudziwa zimene zimachitika kudambo likapsa ndi lupsa mwezi wa September. Udzu wonse umasanduka phulusa, munthu n'kuganiza kuti palibe chatsala. Koma mvula yoyamba ikangogwa, chisoso ndi bonongwe zimamera pomwepo, chifukwa njere zake zinali m'dothi ndipo moto sunazithe. Mu mphika wa mpunga mumachitikanso zomwezo. Madzi owira amapha tizilombo tamoyo pafupifupi tonse, koma timbewu ta Bacillus cereus tambiri timapulumuka. Choipa china n'chakuti kutentha kuja kumachita ngati kutidzutsa kutulo. Mphika ukachoka pamoto n'kuyamba kuzizira, timbewu tija timapeza zonse zimene timafuna: chinyontho, chakudya chambiri, kufunda, ndiponso malo opanda mpikisano popeza tizilombo tina tonse tafa. Pamenepo timamera n'kuyamba kuswana.

Kuswana kwake n'kogawikana pakati. Kamodzi kamakhala tiwiri, tiwiri timakhala tinayi. Mpunga ukakhala wofunda bwino, monga mmene zimakhalira usiku wa mu October kapena November, kugawikanaku kumachitika pafupifupi mphindi 30 zilizonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Banja ladya mgonero 8 koloko usiku, ndipo mphika watsegulidwanso 6 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 10, kutanthauza kugawikana ka 20. Kachilombo kamodzi kokha kakagawikana ka 20 kamabala tizilombo 1,048,576. Kuti mumvetse kukula kwa chiwerengero chimenechi, tengani njere imodzi ya chimanga m'dzanja. Itati ichulukane motero, m'mawa mungapeze matumba a makilogalamu 50 oposa asanu. Ndipo mu mphika simuyamba kachilombo kamodzi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaphunzitsa kuti tizilombo ta m'zakudya timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. Pansi pa madigiri 5 ndi kuzizira kwa m'furiji yogwira bwino ntchito. Pamwamba pa madigiri 60 ndi chakudya chimene chikutuluka nthunzi, choti simungachiike m'kamwa osauzira. Pakati ponsepo, chakudya chofunda, chozizira pang'ono, chimene timati "chapola bwino", ndi pamene pali vuto. N'chifukwa chake bungweli limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri.

Wina anena kuti kuno n'kumapiri, mwezi wa June ndi July kumazizira mpaka mame kuuma pa udzu. N'zoona kuti kuzizira kumachedwetsa kuswana, ndipo ngozi imakula kwambiri nthawi yotentha, makamaka kwa abale athu a kumunsi ku Moatize ndi ku Tete kumene dzuwa la mu October limapitirira madigiri 40. Koma mphika sugona panja pa mame. Umagona m'khitchini, pafupi ndi mafuwa ofunda, uli wovindikira. Mphika waukulu wodzaza umasunga kufunda pakati pake kwa maola ambiri ngakhale kunja kukuzizira. Komanso kumbukirani kuti Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, masiku amene mpunga umaphikidwa pafupifupi khomo lililonse, zimabwera nthawi yofunda ya dzinja.

Chiphe chimene moto suchitha

Tafika pamutu weniweni wa nkhani yathu. Tizilombo tija tikachuluka mu mpunga, mitundu ina ya Bacillus cereus imatulutsa chiphe chotchedwa cereulide. Chiphechi chimalowerera mu mpunga momwemo, munthu asanadye. M'mawa mukatenthetsa, tizilombo tamoyo timafa, koma chiphe chimatsala chili ndi mphamvu zake zonse. Akatswiri anayesa kuchiwiritsa pa madigiri 121 kwa mphindi 90, koma sichinawonongeke. Madzi a mu mphika wanu amawira pa madigiri 100 basi, ndipo kuno kumapiri amawira asanafike n'komwe pamenepo. Choncho kaya muwonjezere nkhuni, kaya mukazinge mpungawo m'mafuta ndi anyezi ndi matimati mpaka upserere, chiphecho chilipobe. Ngakhale asidi wa m'mimba mwathu, amene amagaya nyama, sachigaya.

Zili ngati njoka imene yaluma kale munthu. Mukhoza kuipha ndi mpini, ndipo mwachita bwino, koma ululu uli kale m'mwendo.

Chovuta china n'chakuti mphuno ndi lilime sizitithandiza pamenepa. Tinazolowera kununkhiza ndiwo kuti tidziwe ngati zasasa, kapena kuona nsima ngati yayamba kunanda. Mpunga umene wayamba kununkha kapena kuchita ulusi mukaukoka ndi supuni, umenewo ndiye wapitiratu, tayani. Koma mpunga ungakhale ndi chiphe chokwanira kudwalitsa banja lonse ukuoneka woyera, ukununkhira bwino, ukukoma ngati wa dzulo. Agogo akalawa n'kunena kuti "ulibe kanthu uwu", sakunama, akunena zimene lilime lawauza. Mchere, tsabola, mafuta kapena kufinyira ndimu pa mpunga wogona sizichotsa chiphe chimene chapangika kale.

Kuvindikira nako kumafunika kukumvetsa bwino. Chivindikiro chimatchinga ntchentche, mphemvu ndi makoswe, ndipo pa ntchito imeneyo n'chofunika kwambiri. Koma kachilombo tikunenaka sikachokera kunja, kali kale m'kati. Mukavindikira mphika wotentha n'kuukulunga ndi chitenje kapena bulangete kuti bambo akabwera mochedwa apeze chofunda, mwakapangira nyumba yabwino. Kwa ola limodzi kapena awiri palibe vuto. Kuyambira madzulo mpaka m'mawa ndi nkhani ina. Chimodzimodzinso makontena aja osunga chakudya chofunda amene timagula pamsika: amasunga kutentha kwa kanthawi, kenako chakudya chimatsikira pa kufunda kumene tizilombo timakonda.

Kodi munthu amamva bwanji?

Kachilomboka kamadwalitsa m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya chiphe chija, ndipo ndi imene imayenda kwambiri ndi mpunga. Imabwera mwadzidzidzi, pakangopita mphindi 30 mpaka maola 6 chidyereni. Munthu amayamba nseru, kenako kusanza kwambiri, nthawi zina ndi kupotokola m'mimba. Kawirikawiri thupi silitentha. Mwana amene wadya mpunga wotenthetsa 6 koloko m'mawa angabwezedwe kusukulu nthawi yopuma isanakwane.

Njira yachiwiri imachedwerako. Munthu amameza tizilombo kapena timbewu tambiri, ndipo timakatulutsa chiphe cha mtundu wina tili m'matumbo. Pakapita maola 8 mpaka 16 amayamba kutsegula m'mimba kwa madzi ndi kupotokola. Njira imeneyi imabweranso ndi nyama, msuzi, masamba ndi mkaka zimene zakhalitsa pamtunda. Pa njira iyi kutenthetsa bwino kumathandiza, chifukwa kumapha tizilombo tambiri tisanalowe m'thupi. Ndiye musamve ngati tikunena kuti kutenthetsa n'kopanda ntchito. Tikunena kuti sikungabweze chakudya chimene chakhala usiku wonse pofunda.

Anthu ambiri amachira okha pasanathe tsiku limodzi, ndipo n'chifukwa chake matendawa sitiwawerengera. Timati "chamukana m'mimba", kapena "anadya mopitiriza pa chikondwerero". Kuchipatala sitipita, ndipo mphika wa mpunga palibe amauganizira.

Achipatala a kumaiko ena anatenga nthawi kuti azindikire zimenezi. Cha m'ma 1950, katswiri wa ku Norway dzina lake Steinar Hauge anafufuza anthu mazana amene anatsegula m'mimba atadya msuzi wotsekemera wophikidwa dzulo lake n'kusiyidwa m'chiwiya chachikulu. Kuti atsimikize, anabzala kachilomboka mu msuzi wina n'kumwa yekha, ndipo anadwaladi. Za kusanza zinadziwika bwino m'chaka cha 1971 ku Britain, pamene anthu ankadwala akadya mpunga wokazinga wa m'malo ogulitsira zakudya. Ophika ankawiritsa mpunga wambiri madzulo, kuusiya pamtunda usiku wonse kuti uume bwino, m'mawa n'kumakazinga pang'onopang'ono wogula akabwera. Kodi si zomwezo zimene timachita kunyumba tsiku lotsatira Khirisimasi?

Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, chiphechi chimapha. Chikachuluka chimawononga chiwindi. M'chaka cha 2003 ku Belgium, ana asanu a banja limodzi anadwala atadya makaroni amene anaphikidwa Lachisanu, kupita nawo koyenda Loweruka, n'kudzadyedwanso Lolemba madzulo. Wamng'ono, mtsikana wa zaka 7, anamwalira patangopita maola 13. Banjali linali ndi furiji, koma atayeza anapeza kuti m'kati mwake munali madigiri 14, osati 5. M'chaka cha 2008, m'dziko lomwelo, mnyamata wa zaka 20 anamwalira atatenthetsa ndi kudya supageti imene inakhala pamtunda masiku asanu. Mwaona kuti si mpunga wokha. Makaroni, supageti, kachewere wophika ndi zakudya zina za ufa zimasunganso kachilomboka. Mkute wa nsima ndi phala logona nazonso si zoti tiziziona mopepuka, makamaka ngati wodya ndi mwana wamng'ono.

Amene thupi lawo silichedwa kugonja ndi ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, okalamba, ndi odwala matenda okhalitsa monga Edzi, chifuwa chachikulu ndi shuga. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwa chikhalidwe chathu, chakudya chotsala chimapita kwa ana. Akuluakulu amadya chotentha madzulo, ana n'kulandira mkute m'mawa. Amene ali ndi mphamvu zochepa ndi amene timawapatsa chakudya choopsa kwambiri.

Tichite bwanji popeza ambiri tilibe furiji?

Tinene mosabisa: popanda furiji palibe njira yodalirika yosungira mpunga wophika kuyambira madzulo mpaka m'mawa. Mankhwala ake ali poyeza, mpunga usanalowe mu mphika. Mpunga wouma umakhala miyezi m'thumba osawonongeka, koma ukangophikidwa moyo wake ndi wa maola ochepa. Amayi amene amadziwa kuti banja lawo limatha makapu atatu asathire asanu pofuna kuti utsale wa m'mawa. Makapu awiri otsalawo akhale ouma, mudzaphike m'mawa. Tikudziwa kuti nkhuni zikusowa ndipo makala akwera mtengo, komanso m'mawa nthawi imachepa. Koma mpunga wochepa umapsa m'mphindi pafupifupi 20 pa moto womwewo mukuwiritsira madzi a tiyi kapena osamba. Yerekezani nkhuni zimenezo ndi mtengo wa njinga yamoto yonyamula mwana kupita kuchipatala, ndi tsiku la kumunda limene latayika.

Ukatsalabe, ugaweni usiku womwewo. Makolo athu ankatumiza mbale kwa agogo, kwa apongozi kapena kwa mnansi chakudya chikadali chotentha. Mwambo umenewo ndi wabwino kuposa kubisa mphika pansi pa bedi. Ana amene akufuna kuwonjezera apatseni pompo, m'malo mowauza kuti "wotsalawu ndi wa mawa".

Ngati wina wa m'banja achedwa kubwera, siyani mphika pambali pa moto kapena pa mbaula ya makala ochepa, muthiremo timadzi pang'ono kuti usapserere, ukhale ukutuluka nthunzi mpaka adye. Mpunga umene ukutenthabe kwenikweni suswetsa tizilombo.

Inu amene muli ndi furiji, imene ambiri kuno timati jeleira, musaike mphika wonse wodzaza m'menemo, ndipo musadikire kuti uzizire wokha mpaka nthawi yogona. Pakulani mpunga wotsala, muuyale mopyapyala m'mbale yotakata kuti nthunzi ituluke msanga, ndipo pasanathe ola limodzi muuvindikire n'kuulowetsa. Mudye tsiku lotsatira, osapitirira. Potenthetsa thirani madzi pang'ono ndi kutakasa kufikira wonse utatentha mpaka pakati, osati m'mbali mokha. Tenthetsani kamodzi kokha. Wotsala pamenepo ndi wotaya. Magetsi akazima usiku wonse, kapena ngati mumazimitsa furiji usiku kuti musunge magetsi, muuone mpungawo ngati wagona pamtunda. Nkhani ya ku Belgium ija ikutikumbutsa kuti furiji yosazizira bwino ndi kabati chabe.

Mpunga woti utayidwe, ukwirireni kudzenje la zinyalala kumene ana sangaufike.

Pa ukwati, pamaliro ndi pamsika

Ngozi yaikulu ili pamene anthu asonkhana ambiri. Pa ukwati amayi ophika amadzuka 3 koloko mbandakucha, kuphika mpunga m'miphika ikuluikulu kapena m'migolo yodula pakati, kuukhuthulira m'mabeseni ndi kuphimba ndi nsalu. Mwambo wa kutchalitchi umachedwa, kenako zithunzi, kenako perekaniperekani. Anthu amadzadya 3 koloko masana. Mpunga uja wakhala maola oposa 8 uli wofunda, ndipo beseni lalikulu silizizira msanga pakati. Madzulo wotsala umagawidwa m'majumbo kuti alendo atengere ana kunyumba, ndipo ena amakadya m'mawa mwake.

Inu ankhoswe ndi amayi otsogolera kukhitchini, nkhaniyi ili m'manja mwanu. Nyama, nkhuku ndi nyemba zimatenga nthawi, ziyambe ndizo ndipo zikhale pamoto. Mpunga uzikhala womalizira, uphikidwe anthu atatsala pang'ono kudya. Ndi bwino kuphika miphika yapakati motsatizana, wina ukutha wina ukupsa, kusiyana ndi kuphika wonse kamodzi. Mphika umene ukudikira ukhale pa makala. Wotengera kunyumba auzidwe kuti akadye usiku womwewo. Pamaliro, pamene anthu amagona masiku awiri kapena atatu, chakudya cha tsiku lililonse chiphikidwe tsiku lomwelo.

Kwa inu amene mumagulitsa chakudya pamsika, pa siteji ya basi kapena pachipata cha malire monga ku Calómue ndi ku Zóbue kumene madalaivala amadikira nthawi yaitali, tikudziwa kuti mpunga wotsala ndi mpamba wanu. Chiyeso chake n'kusakaniza wa dzulo ndi wa lero. Mukatero mwaika chiphe cha dzulo mu mphika wonse wa lero, ndipo tizilombo tambiri ta dzulo tapeza chakudya chatsopano. Wapaulendo akadwala amakhala atafika kale patali ndipo simumva, koma anthu a pamsika pomwepo amazindikira msanga malo amene chakudya chake chimavuta m'mimba, n'kusiya kubwera mwakachetechete. Phikani pang'ono kawiri kapena katatu pa tsiku. Inu ogula, funsani mpunga wochokera pamoto, woti mukuona nthunzi ndi maso anu.

Musaiwalenso kambale ka mwana wa sukulu ndi kamba wa kumunda. Mpunga wa dzulo wotsekeredwa m'kontena ya pulasitiki, n'kukhala m'chikwama padzuwa mpaka masana, wakhala pofunda maola oposa 15. Chimanga chokazinga, mtedza, nthochi kapena mbatata yootcha m'mawa womwewo zimayenda bwino paulendo. Chimodzimodzi inu amene mumapititsa chakudya kwa wodwala amene wagonekedwa kuchipatala: chikhale chophika tsiku lomwelo, ndipo adye chikangofika. Phala la mwana wakhanda, la mpunga kapena la chimanga, liphikidwe pa nthawi yodya, osati kuphika m'mawa n'kumamwetsa tsiku lonse.

Wina akadwala

Choopsa pa kusanza ndi kutsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mpatseni wodwala madzi a mchere ndi shuga a m'paketi, amene kuchipatala kuno amati SRO ndipo tsidya la Malawi amati Thanzi. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala oyeretsera madzi. Ngati paketi palibe, thirani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osadzaza mpaka pamwamba ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Musachulutse mchere. Wodwala akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso kumumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa pafupipafupi. Mwana amene watsegula m'mimba amafunikanso mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo mungawapeze kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu.

Makapisozi ogula pamsika sathandiza pa kusanza kwa mtundu uwu, chifukwa chimene chikuvuta ndi chiphe, osati kachilombo kamoyo. Mankhwala oimitsa kutsegula m'mimba asaperekedwe kwa ana.

Thamangirani kuchipatala osadikira kuti kuche ngati wodwala akusanza chilichonse chimene wamwa, akulephera kumwa kapena kuyamwa, maso alowa m'kati, liwombo la khanda lalowa, sakukodza, wafooka kwambiri, akubwebweta, akukomoka, maso asanduka achikasu, kapena m'chimbudzi muli magazi. Pitaninso ngati tsiku latha osasintha. Mwana amene akusanza thupi likutentha ayezedwe malungo, musangoti ndi mpunga. Ndipo munthu akamatsegula m'mimba madzi okhaokha ambirimbiri, otuwa ngati madzi otsukira mpunga, ganizirani za kolera, imene inatenga miyoyo yambiri mbali zonse ziwiri za malire m'chaka cha 2023. Ameneyo anyamulidwe nthawi yomweyo, akumwa SRO m'njira.

Anthu ambiri akadwala nthawi imodzi atadya pamalo amodzi, dziwitsani amfumu ndi achipatala tsiku lomwelo. Chakudya chotsala musataye chonse ndipo wina asadyenso. Sungani pang'ono m'chiwiya chotseka kuti achipatala akachione. Kumbukirani amene anadya chiyani ndiponso nthawi imene aliyense anayamba kudwala, chifukwa nthawiyo imawathandiza kudziwa gwero. Ndipo chonde, musafulumire kuloza munthu chala. Tikudziwa mmene zimakhalira pamudzi: anthu 20 akasanza pa ukwati, dzuwa lisanalowe dzina la wina latchulidwa kale, kawirikawiri mayi amene anagwira chipande kapena wachibale amene panali kusamvana naye.

Ife a chigawo cha Tete tili ndi chikumbutso chowawa. Mu January 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu oposa 200 anadwala ndipo 75 anamwalira atamwa pombe pa tsiku la maliro. Mphekesera zinafala kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Mayi amene anafulula mowawo anali mmodzi mwa omwalira. Patapita miyezi, zitayezedwa ndi akatswiri a kuno ndi a ku America, zinapezeka kuti gwero linali kachilombo kena, kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kanamera mu ufa wa chimanga wowonongeka n'kutulutsamo chiphe. Si kachilombo ka mpunga tikunenaka, koma kachitidwe kake n'kofanana: chiphe chopangidwa ndi kachilombo m'chakudya chimene chinasungidwa molakwika, chosamveka fungo, chosatha ndi moto. Munalibe ndulu ya ng'ona mu mgolo uja.

Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi, lembani kalata n'kuisiya ku wailesi kuno, kapena mupatsire mtsogoleri wa gulu la omvera la m'mudzi mwanu. Tidzawayankha pa pulogalamu ya zaumoyo pamodzi ndi anamwino.